Tepi ya malemu bambo: alipo akuidziwa nyimbo iyi?

Nabanda, Chilomoni

Moni nonse abale a pagulu pano. Lero ndilemba zambiri, mundipirire.

Sabata yathayi ndidawerenga nkhani ina imene yandisowetsa tulo. Ku Germany, cha m'ma 1984, mnyamata wina ankakonda kujambula nyimbo za pawailesi ya NDR n'kumasunga pa tepi, monga ankachitira makolo athu kuno. Mwa nyimbo zimenezo mudali ina imene sadagwire dzina lake, ngakhale la oyimba. Mu 2007 mlongo wake adaika kachidutswa ka nyimboyo pa intaneti, kufunsa ngati alipo akuidziwa. Zaka zidapita, anthu a m'maiko osiyanasiyana adalowa m'kusakako, ena pa Reddit ena pa YouTube, koma ayi ndithu. Adadzaipeza mu Novembala 2024, patatha zaka 17. Oyimba ake ndi gulu lotchedwa FEX la mumzinda wa Kiel, ndipo nyimboyo dzina lake ndi Subways of Your Mind. Eni akewo, amene pano ndi madala a imvi, sankadziwa n'komwe kuti dziko lonse likuwafunafuna.

Nditawerenga ndidakumbuka katoni ya malemu bambo anga imene yakhala pansi pa bedi kwa amayi chimwalirireni iwo. Muli matepi 23. Ndidabwereka wailesi ya kaseti kwa aneba ndipo imodzi mwa matepiwo, yolembedwa ndi bolopeni kuti Luchenza 1983, ili ndi nyimbo imene bambo ankaikonda koopsa. Banjo, kang'oma, maseche, bambo mmodzi akutsogolera, ena awiri akuvomera. Ikunena za munthu amene adapita ku Theba, natumiza bulangete kwa mkazi wake, mwini wake osabwerako. Mawu a muulutsi adadulidwa, ndiye dzina la oyimba palibe. Ndaika masekondi 40 amene ndajambula ndi foni. Chonde mvetserani, ndipo amene muli ndi agogo pafupi muwamvetseko.

Bambo a Chisomo, Area 25

Ndamvera katatu achemwali. Si a Alan Namoko amenewa? Banjoyo ikulira ngati ya Chimvu Jazz, komanso mwati Luchenza, ndi dera lawo lomwelo.

A Mbewe, mphunzitsi wopuma, Thyolo

Ayi mwanawe, si a Namoko amenewo. Ine a Namoko ndidawaona ndi maso angawa akuimba pamsika, osati kamodzi. Mawu awo adali okhakhala, olemera, ukangomva mzere umodzi umadziwiratu. Uyu mawu ake ndi opyapyala, ndipo akuthamanga. Koma kalankhulidwe kake ndi ka kwathu kuno, Chichewa chake chili ndi fungo la Chilomwe. Mvetserani mmene akukokera mawu kumapeto.

Anthu a masiku ano mudziwe kuti magulu a banjo adalipo ambirimbiri nthawi imeneyo, pafupifupi mudzi uliwonse waukulu. Anyamata ankapanga okha banjo ndi chigubu cha mafuta kapena chikopa cha mbuzi, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga. A MBC ankayenda m'maboma ndi makina awo kujambula magulu oterewa, n'kukaulutsa pa pulogalamu ngati ya Nyimbo za M'maboma. Gulu limajambulidwa tsiku limodzi lokha, mwina pansi pa mtengo, kenako aliyense n'kubwerera kumunda kwake. Nyimbo zambiri sizidalowe pa mbale kapena pa kaseti yogulitsa. Idamveka pawailesi, basi. Ndiye ngati bambo anu adaigwira pa tepi, mayi Nabanda, mwina m'manja mwanumo muli chinthu chimene chatsala malo awiri okha padziko, kwanuko ndi m'nkhokwe ya wailesi.

Chikondi

Yesani Shazam asisi, imapeza nyimbo iliyonse.

Dalitso, Zomba

Shazam siingathandize apa Chikondi. Imagwira ntchito poyerekeza kamvekedwe ka nyimbo ndi nyimbo zimene zili kale m'nkhokwe yake. Ngati mwini nyimbo kapena kampani sadaitumizeko, ikuuzani kuti palibe. N'chifukwa chake ya ku Germany ija idatenga zaka 17, poti idali isadatulutsidwe m'njira yoti makina angaidziwe.

Nkhani imene mwatchulayi asisi Nabanda ine ndidaitsata kwa zaka zingapo, ndipo chimene chidandigwira mtima ndi mmene anthu wamba adagwirira ntchito. Ena adamvetsera chida china m'nyimbomo n'kuzindikira kuti ndi kiyibodi ya Yamaha DX7, imene idayamba kugulitsidwa mu 1983, ndiye adadziwa kuti nyimboyo siingakhale ya kale kuposa pamenepo. Ena adaika tepiyo pa kompyuta n'kuona kamzere kena pa 10 kHz kamene kamapezekanso m'zinthu zina zojambulidwa kuchokera pa NDR, umboni woti idaulutsidwadi pa wailesi imeneyo. Ena adapempha mindandanda ya nyimbo zimene wailesiyo idaulutsa zaka zimenezo n'kumawerenga tsamba ndi tsamba. Potsiriza munthu wina amene ankafufuza magulu amene adapikisana nawo pa mpikisano wa oyimba ongoyamba kumene wotchedwa Hörfest adapeza nkhani ya FEX m'nyuzipepala yakale, nalembera mmodzi wa oyimba ake kupempha nyimbo zawo zakale. Mwa zimene adamutumizira, nyimbo ija idali momwemo.

Ifenso tingachite chimodzimodzi. Tiuzeni nyimbo imene ili patsogolo pa iyi ndi imene ili pambuyo pake pa tepipo. Ngati pali kachidutswa ka nkhani, uthenga wa maliro, kapena malonda a sopo, zonsezo zimathandiza kudziwa chaka ndi pulogalamu.

Nabanda, Chilomoni

Zikomo a Mbewe, zikomo Dalitso. Patsogolo pake pali nyimbo ya amayi a pamtondo, misi ikumveka bwinobwino. Pambuyo pake tepi yayamba kukoka mawu ngati munthu woledzera, ndidachita mantha ndikuzimitsa.

Dalitso, Zomba

Mwachita bwino kuzimitsa. Musaiimbenso mu wailesi imeneyo kufikira titaiona. Tepi yokhala zaka 40 m'katoni imamatana, nthawi zina imachita nkhungu, ndipo wailesi yakale lamba wake amakhala atatha. Ikaitafuna, yapita. Yang'anani pa kawindo ka pakati ngati mukuoneka zoyera ngati ufa. Ngati mulibe, ikani bolopeni ya Bic pabowo muzungulize pang'onopang'ono ndi dzanja mpaka kumapeto, kenako mubwezenso, kuti imasuke. Onaninso kasiponji kakang'ono ka pansi pamene tepi imadutsa, kamakonda kugwa. Mukapeza wailesi yabwino yokhala ndi pobayira mahedifoni, timalumikiza chingwe kupita ku laputopu n'kujambula ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity. Ngati ndi C90 ndiye kuti mbali iliyonse ndi mphindi 45, mujambule yonse osadula. Ndili ku Blantyre Lachisanu, ndingabwere ndi zida zanga.

Bambo a Chisomo, Area 25

Ine ndifunse funso limene mwina likhumudwitsa ena. Tikawapeza oyimbawa, kapena ana awo, tikawapatsa chiyani? Chifukwa ine za kutchuka pa intaneti zidandikwana ndi nkhani ya agogo Giddes Chalamanda. Munthu wobadwa mu 1930, wakhala akuimba moyo wake wonse. Patience Namadingo adajambula nawo mu 2020, nyimbo yawo ya Linny Hoo idafalikira, pofika kumayambiriro kwa 2022 atolankhani a kunja ankalemba kuti yaonedwa koposa 80 miliyoni pa TikTok. Anthu a ku Asia amene sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti ankavina. Koma atolankhaniwo atafika kumudzi adapeza agogo alibe foni ya intaneti, za TikTok akungomva kwa adzukulu. Mamiliyoni a maso, koma m'thumba mwa mwini nyimbo mudalowa zingati? Kutchuka sikuphika nsima.

Tiyamike, Leeds

Achimwene, funso lanu ndi loona koma musaiwale mbali inayo. Nyimbo ija agogo adaipekera mwana wawo wamkazi, kumuyamikira, ndipo idakhala zaka pafupifupi 20 ikudziwika kwa ife tokha. Ine ndimagwira ntchito m'chipatala kuno, tsiku lina mnzanga wa ku Philippines adali kuing'ung'udza tikusintha zofunda. Ndidaima chilili. Nditamuuza kuti amene akuimbawo ndi agogo a kwathu, a zaka zoposa 90, adandikumbatira. Usiku umenewo ndidalira m'basi, chifukwa kwa zaka 6 ndili kuno palibe adandifunsapo kanthu kabwino ka Malawi. Zimenezo sizigulika ndi ndalama.

Komanso kumbukirani kuti agogo omwewa ankaimba zolakalaka kukaona America, ndipo mu 2016 anthu akufuna kwabwino adasonkha ndalama, iwo adapita, mpaka kukaimba ku Library of Congress ku Washington. Anthu akadziwa kuti munthu alipo, ena amachitapo kanthu. Akapanda kudziwa, palibe chimene chingachitike ngakhale pang'ono.

Bambo a Chisomo, Area 25

Sindikukana achemwali. Koma misozi yanu ya m'basi agogo sadadye. Chimene ndikunena n'choti tisamangothamangira kuika zinthu pa TikTok. Mnyamata wina atenga masekondi 40 a mayi Nabandawa, aikamo ng'oma za amapiano, alembetsa m'dzina lake, ndalama zizipita kwa iye. Ana a mwini nyimbo ali ku Luchenza akugulitsa nthochi. Tikapeza banja lake, choyamba likhale kuwathandiza kulembetsa nyimboyo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, m'dzina la bambo awo. Kenako ndiye tiziifalitsa.

Tiyamike, Leeds

Pamenepo ndiye tagwirizana.

Kondwani, Cape Town

Nkhani yanuyi yandikumbutsa za Rodriguez. Kuno azungu achikulire onse amamudziwa. Adali woyimba wa ku Detroit ku America, adatulutsa zimbale ziwiri mu 1970 ndi 1971, kwawo sizidagulidwe, iye n'kubwerera ku ntchito yogumula ndi kumanga nyumba. Osadziwa kuti ku South Africa nyimbo zake zili m'nyumba iliyonse ya achinyamata a nthawi ya tsankho. Anthu kuno ankakhulupirira kuti adadzipha pa siteji. Anthu awiri okonda nyimbo zake adayamba kufufuza, adatsegula tsamba pa intaneti, ndipo mwana wake wamkazi adalipeza n'kulemba kuti bambo anga ali moyo. Mu Malichi 1998 adabwera kudzaimba kuno ku Cape Town. Bwana amene ndimamugwirira ntchito adaliko, akamafotokoza mpaka lero mawu amanjenjemera. Filimu ya nkhaniyi, Searching for Sugar Man, idapata Oscar mu 2013. Mwini wake adamwalira mu Ogasiti 2023 ali ndi zaka 81.

Koma mfundo ya Bambo a Chisomo ilimonso. Zimbale zidagulidwa zochuluka zedi kuno kwa zaka zoposa 20, munthu akunyamula zinyalala za nyumba zogumuka ku Detroit. Ndalamazo zidadutsa m'manja mwa anthu ena.

Dalitso, Zomba

Filimu imeneyo ndi yokoma koma idasiya kanthu. Rodriguez adali wodziwika ku Australia, adakaimbako mu 1979 ndi 1981. Opanga filimu sadatchule, mwina poopa kuti nkhani ichepa mphamvu. Ine ndimaona kuti akadanena, chifukwa zikusonyeza kuti munthu angathe kudziwika mbali imodzi ya dziko, mbali ina n'kumamulira maliro. Intaneti isadabwere zinali choncho.

Amai Zulu, Chipata

Muli bwanji abale a ku Malawi. Ine ndine wa kuno ku Eastern, ndimakonda kuwerenga chabe koma lero ndilankhuleko. Chaka cha 2024 mwana wanga wa ku Lusaka ananitumira nyimbo ya woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, yotchedwa Noid. Akuti amai mverani, muli Chinyanja. Nditamvera ndinadzidzimuka, ndi mawu a Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, nyimbo ya m'ma 1970 imene atate anga anali kuimba pa galamafoni. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Ana a ku America mamiliyoni anali kufunsana pa intaneti kuti chilankhulo ichi n'chiti, ndipo a ku Zambia ndi a ku Malawi ndiwo anali kuwamasulira.

Zamrock yonse, nyimbo za rock za ku Zambia za m'ma 1970, inali itaiwalika ngakhale kuno kwathu. Amene anaiukitsa ndi anthu osonkhanitsa mbale zakale, kenako kampani za kunja zinazitulutsanso. Jagari Chanda wa gulu la WITCH anali atasiya kuimba, akukumba miyala ya mtengo wapatali, lero akuyenda maiko ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano. Chinapulumutsa nyimbo zimenezo n'chakuti zinali pa mbale, ndipo mbale imapirira. Tepi sipirira. Mai Nabanda, fulumirani.

A Mbewe, mphunzitsi wopuma, Thyolo

Mayi Zulu mwanena zoona. Ndipo chimandiwawa ine n'choti zambiri zimene tili nazo za makolo athu adatisungira ndi alendo. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 kujambula bangwe, kalimba, nyimbo za pamtondo, ndipo zonsezo zili ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Mdzukulu wanga adandipezera zina pa intaneti, ndidamva mayi wina akuimba nyimbo imene agogo anga aakazi ankaimba posinja. Ndidakhala chete nthawi yaitali.

Chimodzimodzi a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka. Adakulira ku Salisbury, imene lero ndi Harare, kumene bambo awo ankagwira ntchito, n'kubwera nazo nyimbo za kwela kuno. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana nawo mu 1967 ali anyamata akuimba m'misewu ya Blantyre, nawajambula filimu. A Daniel adamwalira mu 1987, a Donald mu 2001, koma lero mwana wa sukulu angathe kuona pa foni zala za a Daniel zikuyenda pa gitala. Sindikunyoza alendowo ayi, Mulungu awadalitse. Ndikungoti ife eni ake matepi athu timawasiya adyedwe ndi chiswe, ena ana amasolola n'kumangira ma kaiti. Ine ndemwe ndidataya thumba lonse posamuka mu 2004, ndimadandaula mpaka lero.

Nkhani ya m'nyimbo ya mayi Nabanda ija isakudabwitseni. Kuno kwathu pafupifupi banja lililonse lidali ndi mtchona. Ulendo wa ku migodi udayamba waimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri amene ankabwerera kumudzi, kenako udayambanso mpaka kudzatheratu mu 1988. Nyimbo za bulangete, sutikesi ndi njinga zidali zambiri chifukwa akazi odikira adali ambiri.

Woyang'anira gulu

Abale, ndachotsa mauthenga awiri otsatsa malonda. Nkhaniyi ndaikhoma pamwamba kuti aliyense aione. Amene muli ndi matepi akale kunyumba lembani pansipa dera limene muli, tione ngati tingakumane tsiku limodzi ku Blantyre ndi lina ku Lilongwe.

Mayi a Pemphero, Bangwe

Pepani ndachedwa kuyankha. Ndinawamvetsa apongozi anga aakazi dzulo usiku, kwawo ndi kufupi ndi Luchenza komweko, ali ndi zaka za m'ma 70. Itangoyamba anasiya kusenda nandolo n'kuyamba kuvomera nawo, mpaka anapitiriza ndime ina imene mu masekondi 40 anuwo mulibe, yonena kuti bulangete lija lidatha ndi kufunda ana. Akuti amene ankaimba nyimboyi adali bambo wina wamfupi wopunduka mwendo amene ankabwera tsiku la msika ndi anyamata awiri, mmodzi mng'ono wake. Dzina lenileni aiwala, akuti anthu ankangomutchula ndi dzina la mudzi wake. Koma akuti mchemwali wawo amene adakali kumudzi angakumbuke, poti mwamuna wake ankamwa nawo limodzi.

Nabanda, Chilomoni

Mayi a Pemphero!! Ndime imeneyo ilimodi, ili chakumapeto! Thupi langa lonse lachita tsembwe. Chonde ndilembereni kumbali.

Bambo a Chisomo, Area 25

Eee, zafika pamenepa? Ndiye mukapita kumudziko musapite chimanjamanja. Ine ndiponyapo ya shuga ndi sopo, woyang'anira atiuze potumiza.

Kondwani, Cape Town

Inenso ndilimo.

Dalitso, Zomba

Ndangochoka ku Chilomoni. Tepi yatheka, mbali zonse ziwiri zili pa kompyuta, ndipo takopera pa mafulashi awiri ndi pa Google Drive. Idaduka malo amodzi, talumikiza. Nyimbo yonse ndi mphindi 4 ndi masekondi 12. Mwa matepi 23 aja, 5 achita nkhungu kwambiri, ndawatenga kuti ndikayese kuyeretsa. Zina zimene tapeza anene okha asisi.

Nabanda, Chilomoni

Abale, ndakhala ndikulemba ndi kufufuta kuyambira madzulo.

Ine ndinkaganiza kuti bambo ankajambula ndi wailesi imodzi yokhala ndi kaseti momwemo. Ayi. Amayi andikumbutsa kuti nthawi imeneyo adali ndi wailesi ya Nzeru, ndipo chojambulira adachita kubwereka kwa mnzawo wa kuntchito ku esiteti ya tiyi. Ankaika ziwirizo moyang'anizana patebulo. Ndiye chilichonse chochitika m'nyumbamo chimalowa nawo. Pa foni sizimamveka, koma Dalitso atakweza mawu pa kompyuta tidamva tambala akulira kunja, mpando ukukhwekhwereza, munthu akutsokomola.

Mbali yachiwiri, nyimbo ina itangotha, mukumveka mwana wakhanda akulira. Kenako mawu a bambo, pafupi kwambiri ndi makinawo, akunena chonong'ona kuti, Anaphiri, tamutengani mwanayo mupite naye panja pang'ono, ikubwerayi ndi yabwino. Ndipo amayi akuyankha chapatali akuseka, kuti nyimbo zanuzo ndiye zaposa mwana?

Mu 1983 mwana m'nyumbamo adali mmodzi yekha, ndine. Bambo adatisiya mu 1996 ndili Fomu 1, ndipo mawu awo ndidali nditawaiwala. Ndinkayesa kuwakumbukira osatheka. Lero ndawamva, ali mnyamata wa zaka zochepa kuposa zanga.

Amayi adali khale pampando osayankhula. Atatha adangoti, bwezanso pamenepo. Tabweza kasanu ndi kawiri.

A Mbewe, Loweruka m'mawa ndikwera minibasi ku Limbe pamodzi ndi mayi a Pemphero ndi apongozi awo. Ngati mungathe kutidikira pa Luchenza tingakondwe, poti inu mukudziwa kalankhulidwe ndi akuluakulu a kumeneko.

A Mbewe, mphunzitsi wopuma, Thyolo

Ndikhala ndili pa siteji 9 koloko isadakwane, mwana wanga. Ndivala chipewa chakuda. Mubwere ndi kasipika kokweza mawu, ndipo batire lake likhale lodzadza, chifukwa kumudziko magetsi kulibe ndipo akafuna kuimva kangapo.